Funsani Azamba: "Ndinaopa kuwadzutsa a sisitala"

Masiku onse tsamba lino limayankha odwala ndi owadwazika. Mwezi uno makalata atatu achokera kwa anthu ovala yunifolomu, ndipo awiri oyambawo ndawaika moyandikana mwadala ngakhale olembawo sadziwana, wina ali kumpoto wina kummwera. Mayina a anthu ndi a zipatala ndachotsa.

FUNSO

Zikomo Amayi,

Ndine mtsikana wa zaka 21, ndili chaka chachiwiri pasukulu ya unamwino ndi uzamba. Mwezi wathawu anatitumiza kukaphunzira ntchito ku leba wodi pachipatala china. Usiku wina tinalipo awiri okha, ine ndi a sisitala, pomwe amayi odikira kuchira analipo asanu ndi awiri. Cha m'ma 10 koloko ndinawafunsa kalembedwe ka pa patogilafu, pepala limene timalembapo mmene kubereka kukuyendera. Anandikalipira pamaso pa magadiyani kuti, "Kodi kusukulu kwanuko mumangokadya nyemba? Usandifunsenso zopusa." Anthu anaseka.

Cha m'ma 2 koloko anakatsamira pang'ono mu ofesi, n'kundiuza kuti ndizimvetsera mitima ya ana. Pa mayi wina ndinamva mtima wa mwana ukugunda mochedwa, ndinawerenga 100 pa mphindi. Ndinafika pakhomo la ofesi kawiri koma osagogoda. Ndinkadziuza kuti mwina ndawerenga molakwa, andiyalutsanso. Pomwe ndimawadzutsa n'kuti patadutsa pafupifupi theka la ola. Mwana anabadwa wofooka, tinayesa kumuthandiza kupuma koma anatisiya.

Papita masabata atatu tsopano. Tulo sindiliona. Ndikatseka maso ndimaona mayi uja akundifunsa kuti mwana wanga sakulira bwanji. Ndikayandikira khomo la wodi mtima umathamanga, manja amanjenjemera. Nsima sikulowa. Anzanga ku hositelo akuti limba mtima, uzolowera. Palibe wamkulu aliyense amene wandifunsapo kanthu. Amayi, kodi mwanayo ndinamupha ndine? Ndisiye sukulu? Bambo anga anagulitsa ng'ombe kuti andilipirire fizi.

Wophunzira

YANKHO

Mwananga,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinavula magalasi. Pepa. Pepanso kwa mayi uja amene anabwerera kwawo ndi nsalu yopanda mwana.

Sindikunamiza kuti theka la ola si kanthu. Ukanandizindikira kuti ndikungokutonthoza, chifukwa m'kalasi anakuphunzitsa kuti mtima wa mwana wosabadwa umayenera kugunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi, ndipo ukatsika mzamba amathamanga. Koma tamvera bwino zimene wandiuza wekha. Khutu lako linamva zolondola. Kuwerenga kwako kunali kolondola. Miyendo yako inakufikitsa pakhomo loyenera, kawiri konse. Chimene chinagwira dzanja lako kuti lisagogode chinabzalidwa 10 koloko, anthu akuseka. Komanso wophunzira wa chaka chachiwiri sayenera kusiyidwa yekha ndi amayi asanu ndi awiri pakati pa usiku. Wophunzira amagwira ntchito pansi pa diso la munthu amene ali ndi chiphaso cha Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito ya anamwino ndi azamba, ndipo udindo wa odwala umakhala pa mwini chiphasoyo ndi pa amene anakonza ndandanda ya usikuwo. Mwana kuti afe pobadwa pamakhala zifukwa zingapo zolumikizana, zina zoyambira kutali mayi asanafike n'komwe pachipatala. Iwe wasenza mtolo wonse pamutu pako chifukwa ndiwe wamng'ono pa onse, ndipo palibe amene wabwera kudzatenga mbali yake. Sindiwe wakupha.

Zimene thupi lako likuchita zili ndi dzina, ndipo si misala, si kufooka kwa chikhulupiriro. Munthu akaona choopsa, ubongo umakhalabe tcheru ngati choopsacho sichinathe. N'chifukwa chake tulo timathawa, chithunzi chimabwerabwera, mtima umagunda ukafika pamalo pomwe zinachitikira. Dokotala wina wa ku America, Albert Wu, analemba mu 2000 kuti chinthu chikalakwika m'chipatala ovulala amakhala awiri: woyamba ndi wodwala ndi abale ake, wachiwiri ndi wachipatala amene manja ake analipo. Kwa anthu ambiri zimenezi zimayamba kuzilala pakatha masabata angapo, makamaka akapeza wolankhula naye. Zikapitirira mwezi, maloto oipa osaleka, wodi ukuizemba, pamenepo pafunika thandizo la odziwa. Ine sindikufuna udikire mweziwo ukwane, popeza sukudya. M'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino ndi makilinikala ofesa ophunzira za matenda a maganizo. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo amapereka uphungu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti akakutsekera ku Zomba Mental, monga amaopsezerana ana asukulu. Mukakhala pansi, mukacheza, basi. Ndipo ngati usiku wina ganizo lodzichotsera moyo litakufikira, usagone nalo wekha. Dzutsa mnzako wa m'chipinda, uwauze a metroni a hositelo usiku womwewo.

Mawu akuti "limba mtima, uzolowera" ndimawadziwa, nanenso ndinaleredwa nawo. M'zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, ndinkagwira ntchito m'wodi ya amuna. Odwala ankagona pabedi, ena pansi pa bedi, ena m'khonde. Usiku umodzi unkatha kutseka maso a anthu anayi, ena a msinkhu wako, ena oti munkaimba nawo kwaya. Kukacha unkapereka ripoti, n'kukwera minibasi, n'kukaphikira ana phala. Palibe anatifunsapo kuti mtima uli bwanji. Tinazoloweradi, koma kuzolowera kwake kunali kotani? Ena anayamba mowa. Ena anauma mtima ngati chikumba, n'kusanduka asisitala aukali amene ophunzira amawathawa m'makonde. Inenso ndinakalipirapo mwana wasukulu pamaso pa odwala chifukwa cha diripi imene inatha iye osaona. Mawa lake mtsikanayo anabisa kuti wabaya jakisoni pa nthawi yolakwika, tinadzazindikira patatha masiku awiri. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti bodza lakelo ndinamuphunzitsa ndine.

Pajatu akulu anati safunsa anadya phula. M'chipatala mwambiwu umaluma koposa, chifukwa wosafunsayo ndi namwino koma wodya phulayo ndi wodwala.

Izi si zongoganiza za mayi wokalamba. Mu 2015 ku Israel anachita kafukufuku ndi magulu 24 a madokotala ndi anamwino osamalira ana obadwa masiku osakwana. Gulu lililonse analipatsa chidole choyerekeza khanda lodwala kwambiri kuti alipulumutse. Magulu ena, munthu amene anamutchula kuti ndi katswiri wochokera kunja anawalankhula mawu onyoza pang'ono chabe, osati kutukwana. Magulu onyozedwawo anachita moperewera pozindikira matenda ndiponso pogwira ntchito ndi manja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti analeka kuuzana zimene akuona ndi kupemphana thandizo. Amenewo anali anthu ozama pantchito. Nanga iwe wa chaka chachiwiri? Zaka za m'ma 1990, mayi wina wa ku yunivesite ya Harvard ku America, Amy Edmondson, anafufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'mawodi. Anadabwa kupeza kuti mawodi okhala ndi atsogoleri abwino ndi amene ankalemba zolakwika zambiri. Sikuti ankalakwitsa koposa anzawo ayi. Kumeneko anthu sankaopa kunena. Kumawodi a mabwana aukali buku linkaoneka loyera chifukwa zolakwika zinkakwiriridwa.

Tsono uchite izi. Tenga kope, ulembe zonse za usikuwo mwa ndondomeko, nthawi ndi nthawi, osatchula dzina la mayiyo. Kulemba kumachotsa nkhani m'mutu momwe ikuzungulira, komanso kudzakuthandiza polankhula. Ukatero pita kwa mphunzitsi wako amene amakuyenderani m'mawodi. Ngati miyendo ikulemera, tenga mtsogoleri wa kalasi yanu akuperekeze. Ukawauze zinthu zitatu: zimene zinachitika, mmene thupi lako lilili, ndiponso kuti ophunzira akusiyidwa okha usiku. Chachitatuchi si miseche. Sukulu imene imatumiza ana ake m'wodi ili ndi udindo wodziwa amene akuwayang'anira, ndipo mwezi wamawa pakhomo lomwelo padzaima mtsikana wina. Pempha kuti kwa masabata angapo uzigwira masana, pafupi ndi mzamba woleza mtima. Wodi usaithawiretu, chifukwa mantha amakula ukawathawa. Ubwereremo pang'onopang'ono, uli ndi munthu pambali.

Imfa ngati imeneyi imayenera kukambidwa pa msonkhano wounika imfa za amayi ndi makanda, ndipo lamulo la misonkhano imeneyi ndi lakuti satchula dzina, saloza chala. Amafunsa kuti chinasoweka n'chiyani, osati wolakwa ndani. Ndikudziwa kuti malo ena lamuloli limangokhala papepala, msonkhano n'kusanduka bwalo la milandu. Ukaitanidwa usapite wekha, mphunzitsi wako akakhale pambali pako.

Ndikupatsenso mawu oti uzinyamula m'thumba la yunifolomu. Tsiku lina udzafunikanso kudzutsa munthu waukali. Usadzayambe ndi "pepani, mwina ndalakwitsa". Udzagogode, n'kunena bedi, chimene wapeza, nambala, ndi chimene ukufuna: "Sisitala, bedi 4, mtima wa mwana 100, ndawerenga kawiri, bwerani tsopano." Uziyeserera mokweza ndi mnzako ku hositelo mpaka pakamwa pazolowere. Akakakukalipira, akukalipire akuyenda kupita ku bedi 4. Ukapezeka kuti unalakwitsa kuwerenga, palibe chatayika koma tulo ta mphindi zisanu.

Za kusiya sukulu, usagamule mwezi uno. Munthu wosagona masabata atatu sasankha bwino njira ya moyo wake. Ng'ombe ya bambo ako isakhale chingwe chokumanga, komanso usiku umodzi usakhale chikwanje chodula zonse. Ukagona, ukadya, ukalankhula ndi aphungu, udzadzifunsenso. Ine ndikanakhala ndi mwana wamkazi woyembekezera, ndikanakonda kuti pamimba pake patsamire khutu lako lija. Undilemberenso pakatha mwezi.

FUNSO

Amayi,

Ndine namwino wamkulu wa wodi ya ana, ndagwira ntchito zaka 16. Usiku ndimakhala ndekha kapena ndi mnzanga mmodzi, ana odwala oposa 50 nyengo ya malungo. Masiku opuma ndimagwira lokamu, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, kuti ndipeze fizi ya ana anga. Kale ndinkalira mwana akamwalira. Pano sindimva kalikonse, ndimangoganiza zoti bedi lapezeka. Ndimakalipira magadiyani, ndimakalipira ophunzira, kunyumba ana anga amakhala chete ndikangolowa. Sabata yatha ndinamva ophunzira akunditchula dzina lachipongwe. Ife tinaphunzitsidwa mwaukali ndipo tinakhwima. Koma ndikadziyang'ana sindikudzizindikira. Kodi ndasanduka munthu woipa?

Namwino wotopa

YANKHO

Mchemwali wanga,

Munthu woipa salemba kalata yotere. Inu mwatha mphamvu, ndipo kutha kwake kwafika pa mtima.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) mu 2019 linalemba vutoli m'buku lake la mayina a matenda, osati ngati nthenda koma ngati chinthu chobwera ndi ntchito. Amalitcha burnout, ndipo zizindikiro zake ndi zitatu: kutopa kosatha ndi tulo, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kuipidwa nayo, ndi kudziona kuti palibe chimene ukuphula. Werenganinso kalata yanu muone ngati simuzipeza. Kusamva kanthu mwana akamwalira si nkhanza. Ndi mtima umene wadzitsekera chitseko chifukwa maliro achuluka. Taganizani zimene anamwino a dziko lino adutsamo m'zaka zochepa: Covid kuyambira Epulo 2020, kolera kuyambira Marichi 2022 amene anatenga anthu oposa 1,700, kenako namondwe Freddy mu Marichi 2023. Chilichonse chinapeza anthu omwewo ali pantchito, ndipo chikatha panalibe kupuma, malungo anali akudikira.

Pali mbali ziwiri, ndipo sindikufuna muzisakanize. Mbali yaikulu si yanu. Namwino mmodzi pa ana 50 si vuto loti lingathe ndi kupuma mokoka mpweya kapena ndi semina ya tsiku limodzi ku hotela. Mu Seputembala 2022 bungwe lomwelo la WHO linatulutsa malangizo a umoyo wa maganizo pantchito, ndipo linanena poyera kuti olemba ntchito akonze kagwiridwe ka ntchito komweko, kuchuluka kwake ndi maola ake, komanso aphunzitse mabwana kuzindikira ndi kuthandiza wantchito amene wapanikizika. Kuno kwathu lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka kwa wolemba ntchito udindo wosamala chitetezo ndi umoyo wa antchito ake. Choncho lembani. Usiku uliwonse lembani chiwerengero cha odwala ndi cha anamwino, pakutha pa mwezi mukapereke kwa a metroni ndi kwa akuluakulu a chipatala, kope ina kwa nthumwi yanu ya bungwe la anamwino la NONM. Kudandaula kwa pakamwa kumauluka ndi mphepo, manambala a papepala amavuta kuwakana. Tchuthi chanu cha pachaka mutenge chonse, musachigulitse. Za lokamu sindikuweruzani, fizi ndikuidziwa, koma siyani tsiku limodzi pa sabata limene simuvala yunifolomu. Ndipo kaonaneni ndi mnzanu wa za maganizo pachipatala panu pomwepo, chifukwa kutopa kotere nthawi zina kumabisa matenda a kukhumudwa, amene ali ndi chithandizo chake.

Mbali yaing'onoyo ndi yanu, ndipo ndi lilime. Mwati tinaphunzitsidwa mwaukali ndipo tinakhwima. Nanenso ndinkatero. Koma werengani kalata ili pamwambayo. Si inu munali m'wodi imeneyo, komabe mawu amene anatseka pakamwa pa mtsikanayo tonsefe tinawalankhulapo. Mumagwira ntchito ndi manja ochepa, ndiye maso a wophunzira ndi chuma chanu. Mukawatseka ndi ukali mwatsala nokha ndi ana 50.

Yesani izi mawa pa ripoti ya m'mawa. Funsani dzina la wophunzira aliyense, muzimuitana nalo, osati "iwe student". Kenako muwauze kuti, "Mukaona chilichonse chokukayikitsani mundiitane, ngakhale ndili mtulo, ngakhale ndikuoneka wokwiya. Mukalakwitsa mundiuze msanga, tikonza limodzi." Woyamba kubwera ndi funso lopepuka ndiye mayeso anu, chifukwa ena onse adzakhala akuyang'ana nkhope yanu. Podzudzula, dzudzulani ndithu, mankhwala a ana si masewera, koma mutengereni mu ofesi, osati pamaso pa magadiyani. Ndipo amene munamukalipira sabata yatha, mupezeni mumuuze kuti ndinalankhula moipa. Ulemu wanu suchepa nazo.

Chinthu china chimene ndinachiona chikugwira ntchito m'zaka zanga zomaliza: mwana akamwalira, tikatha kuthandiza abale, tinkaima mphindi zisanu tonse, ndi otikonzera m'wodi omwe. Tinkafunsana kuti chachitika n'chiyani, tikanachita chiyani mosiyana, nanga aliyense ali bwanji. Wofuna kupemphera ankapemphera. Kunja kuli dongosolo lofanana nalo lotchedwa Schwartz Rounds, lochokera pa dzina la Kenneth Schwartz, loya wa ku Boston amene anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 1995. Kumeneko ogwira ntchito onse a chipatala amakumana ola limodzi, kawirikawiri kamodzi pamwezi, kukamba za kulemera kwa ntchito mumtima, osati za mankhwala. Sizifuna galimoto kapena alawansi. Zimafuna chipinda, mipando, ndi wamkulu mmodzi wolimba mtima kuyamba kunena kuti imfa ya mwana uja inandipweteka. Pawodi panu wamkuluyo ndinu.

FUNSO

Amayi, ndine wophunzira chaka chomaliza. Bambo wina amene amatiyang'anira akukana kusainira buku langa la ntchito zimene ndachita. Akuti ndikapite kunyumba kwawo madzulo akasainire komweko, ndipo amanditumizira mauthenga usiku pa WhatsApp. Popanda siginecha sindilemba mayeso. Nditani?

Wamantha

YANKHO

Mwananga, kunyumbako usapiteko, ngakhale masana. Zimene akuchitazo ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Mauthengawo usafufute ngakhale umodzi. Ajambule, utumize kwa munthu mmodzi amene umamukhulupirira kuti asunge, foni imatha kutayika. Lemba masiku amene anakana kusaina ndi mawu amene ananena.

Sabata ino pita kwa mkulu woona za ophunzira pasukulu panu, ndi kalata yolemba, kope ina usunge. Pempha zinthu ziwiri: akupatse munthu wina woti aone ntchito yako ndi kusaina, ndiponso asakuikenso pa ndandanda imodzi ndi bamboyo. Akakuuza kuti ingopirira watsala pang'ono kumaliza, usavomere. Pita ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Malawi Human Rights Commission. Ngati ndi namwino, a Nurses and Midwives Council ali ndi mphamvu pa chiphaso chake, ngati ndi dokotala kapena kilinikala ofesa ndi a Medical Council of Malawi. Funsanso mwakachetechete atsikana a kalasi imene inadutsa pamenepo chaka chatha. Mukapezana awiri kapena atatu, mukalowe mu ofesimo limodzi.